Momwe mungapemphere khoti kuti lisunthe tsiku la mlandu wanu ku Harare

Uthenga wa maliro ukabwera kuchokera ku Dedza kapena ku Mangochi, ambiri a ife a ku Mbare, Highfield ndi Mabvuku timangothamangira basi yodzera ku Nyamapanda, za kukhoti n'kuti tikaziona pobwera. Musatero. Tsiku la mlandu amasuntha ndi majisitireti kapena jaji yekha, ndipo akhoza kukana ngakhale mbali zonse ziwiri zitagwirizana.

Choyamba, onani pepala lanu la samani kapena la belo, mulembe nambala ya mlandu, tsiku ndi khoti lake, kaya ndi ku Rotten Row, ku Mbare kapena ku Chitungwiza. Popanda nambalayi kalaliki wa khoti sadzivutitsa n'kukusakirani fayilo.

Kenako konzani chifukwa chomveka ndi umboni wake. Ngati ndi matenda, pakhale kalata ya dokotala yonena kuti simungathe kufika tsikulo. Khadi lolandirira mankhwala lokha kawirikawiri silikwanira. Kufuna nthawi yopezera loya n'chifukwa chovomerezeka, chifukwa malamulo aakulu a dziko a 2013 amapatsa woimbidwa mlandu ufulu wa loya komanso nthawi yokwanira yokonzekera. Koma zoti abwana akana kukumasulani kuntchito, sizipita patali.

Chachitatu, dziwitsani mbali inayo msanga. Pa mlandu wa upandu, onanani ndi woimira boma pa mlanduwo. Pa wa ngongole, lendi kapena ndalama zosamalira ana, lemberani amene mukukangana nawowo kapena loya wawo, ndipo kalata ina mukasiye kwa kalaliki, akudindireni yanu yosunga. Tchulani masiku amene mudzapezeke. Ku High Court zikalata zimadutsa pa intaneti, mu dongosolo la makhoti lotchedwa IECMS.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna: kalata ija siisuntha tsiku. Pempho limamvedwa m'khoti, ndiye tsikulo likafika mufike ndithu, kapena afike loya wanu. Dzina likaitanidwa imirirani, nenani mwachidule chimene chavuta, perekani umboni, tchulani tsiku lomwe mukupempha. Musaope kuyankhula Chichewa. Ndi chimodzi mwa zinenero 16 zovomerezeka mu Zimbabwe, koma muuzeni kalaliki pasadakhale kuti apeze womasulira. Ngati mwagonekedwa ku chipatala cha Parirenyatwa, tumani m'bale ndi kalata ya dokotala. Iye sangakuimirireni ngati loya, koma khoti lidziwa kuti simunathawe.

Mukangojomba pa mlandu wa upandu, khoti limatulutsa chikalata chokumangani, ndipo ndalama ya belo ikhoza kulandidwa ndi boma. Amene muli pa belo werenganinso malamulo ake musanawoloke malire, poti ena amalamulidwa kukasaina kupolisi sabata ndi sabata. Pa milandu ya ndalama, chigamulo chimaperekedwa inu kulibe. Kupempha kuti chifafanizidwe n'kotheka, koma pasanathe mwezi chidziwireni, ndipo ndi ntchito yowawa kuposa pempho lija.

Akavomera, lembani tsiku latsopano musanatuluke. Pa milandu ya ndalama akhoza kukulamulani kubweza zimene mbali inayo yawononga tsikulo, ndipo pempho lachiwiri salilandira ndi manja awiri. Opanda ndalama za loya akafunse ku Legal Aid Directorate, nthambi ya boma yothandiza osauka pa milandu.