Kusintha babu lakutsogolo pa Honda C90 yakale

Chaka chatha m'mwezi wa Juni ndinapsereza mababu atatu m'milungu iwiri yokha. Lachitatu linandithera pa msewu wa Lundazi, mdima uli bii, moti ndinalowa mu Chipata ndikutsatira nyali za lole. Njinga yanga ndi Honda C90 ya 6V (magetsi ake ndi a mavoti 6) imene amalume anandisiyira, ndipo sindifuna kuti wina adzavutike monga ndinavutikira ine.

Musanapite kokagula, chotsani kaye babu lakale mupite nalo. Patsinde pake palembedwa manambala. Langa ndi 6V 25/25W. Honda anasamukira ku 12V m'zaka za m'ma 1980, ndipo njinga za masiku ano n'za 12V, choncho mukangonena kuti "babu la honda" kumasitolo a ku Kapata adzakupatsani la 12V. Limenelo pa njinga ya 6V limawala ngati koloboyi. Yerekezaninso tsinde, chifukwa mababu ena amafanana galasi koma kokhalira n'kosiyana.

Zimitsani injini, imikani njinga pa sitandi yapakati, yalani chitenje pansi. Tizomangira timeneti tikagwera m'fumbi simutionanso. Masulani zomangira za mkombero wa nyali ndi sikuludilaiva yokwana bwino, mukukanikiza mwamphamvu, pakuti mitu yake inakalamba ndipo sichedwa kudyeka. Kokani nyali pang'onopang'ono, muigwirize ndi dzanja, isalendewere pa mawaya. Kumbuyo kwake kuli chogwirira babu: chikanikizeni, muchipotolere kumanzere, chichoka.

Yang'anani m'kati. Tizitsulo tokhudzana ndi babu tikakhala tabiriwira kapena tachita dzimbiri, tipaleni ndi sandipepa mpaka tiwale. Pa Honda waya wobiriwira ndi wa efi (wobwezera moto ku chitsulo cha njinga), wabuluu ndi wa nyali yowala patali, woyera ndi wa yapafupi. Ugwedezeni uliwonse, wolowa mwakhwepa umathwanimitsa nyali pa mabampu. Babu latsopano lili ndi kadzino kolowa m'kampata kake, musalikakamize. Likakhala la halojeni ligwireni ndi kansalu koyera, poti mafuta a m'zala amalifupikitsa moyo.

Tsono apa ndi pamene ine ndinkalakwitsa. Pa njinga zina zakalezi, monga yangayi, nyali yakutsogolo sitenga moto ku batire, imautenga ku koyilo ya m'injini, ndipo moto wake umakwera injini ikamathamanga. N'chifukwa chake nyali siyaka injini ili chete. Moto umenewo amagawana ndi kababu kakumbuyo ndi ka mu sipidomita, ndipo batire nalo limamwako wotsala. Kamodzi kakafa, kapena batire likauma madzi, moto wonse umathamangira kutsogolo, mukangokoka mafuta babu n'kuti phu! Amene anandionetsa ndi mekaniki wina wachikulire. Sanakhudze n'komwe nyali yakutsogolo, anazungulira kumbuyo, n'kumasula kagalasi kofiira, nati, "Bambo, wakuphani mababu ndi uyu." Kababu kanali kakuda ngati khala. Choncho musanalize injini, onani kakumbuyo, onaninso madzi a m'batire kuti ali pakati pa mizere iwiri yolembedwa pa batirelo.

Za LED zimene anyamata amakonda sindikulimbikitsani pa njinga yotere. Zambiri zimafuna moto wa batire, ndipo pa moto wa koyilo zimangophethira.

Bwezerani nyali, lizani injini, yesani yapatali ndi yapafupi. Kukada imikani njinga moyang'ana khoma, mapazi khumi kuchokera pakhomapo, mukhalepo monga mumakhalira poyenda. Kuwala kwa yapafupi kugwere m'munsi pang'ono mwa msinkhu wa nyaliyo. Kukakwera, tembenuzani kachomangira kosinthira ka pamkombero mpaka kutsike, kuti musatobole m'maso anzathu a njinga zakapalasa amene amabwerera usiku ndi matumba a makala. Babu lina lapadera ndimalikulunga m'sokisi, limakhala m'kabokosi ka m'mbali pamodzi ndi pulagi.