Kagawidwe ka Malo Kopindulitsa Mlimi Popanda Kuwononga Chilengedwe

Musanaganize za mbewu imene ili pa mtengo wabwino chaka chino, yambani mwayendera malo anu mvula ili mkati, mu Januwale kapena Febuluwale, kuti muone kumene madzi akuchokera, kumene akuthamanga ndi kumene akudekha. Jambulani zimenezi papepala, ndipo mudzaona kuti malowo agawika kale okha: kumtunda kotsetsereka, pakati poyalana bwino, ndi kumunsi kwa dambo kapena mtsinje. Ntchito yanu ndi kupatsa gawo lililonse zimene lingathe kusenza.

Kumtunda kotsetsereka khasu lisafikeko. Zimene zinachitika ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, zinaonetsa mphamvu ya madzi akatsika m'phiri lopanda mitengo yokwanira. Ngati malowo anagwetsedwa kale, musathamangire kugula mbande, chifukwa zitsa za mitengo yachilengedwe zimakhala zili moyo ndipo mizu yake inazama kale. Pa chitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zotsalazo muzidulira nkhuni, ndipo mvula ikatha lambulani njira kuzungulira malowo kuti moto wa osaka mbewa usalowe. Gawo limeneli lisakhale longoyang'ana ndi maso, pakuti nkhalango imene sibweretsa kanthu pakhomo imathera m'thumba la makala chaka cha njala. Pachikanimo ming'oma ya njuchi, sungani masuku, ndipo dziwani kuti bowa wambiri wa m'tchire amadalira mizu ya mitengo ngati mombo ndi msuku, kotero kuti mtengo ukapita, bowa amapita nawo.

Pakati ndi pamene payenera kuchokera chakudya ndi ndalama za chaka ndi chaka. Pangani akalozera (mizere ikuluikulu yotchinga madzi) mopingasa kutsetsereka kwa malo, mubzalemo udzu wa vetiva, ndipo chimanga chizisinthana ndi mtedza, soya kapena nandolo. Pa mitengo yoyenera kukhala m'munda, nsangu ilibe inzake. Imayoyola masamba nthawi ya dzinja, pamene mitengo ina ikubiriwira, choncho siphimba chimanga, masambawo amasanduka manyowa, ndipo m'chilimwe nyemba zake zimadyetsa mbuzi ndi ng'ombe. Ibzaleni motalikirana mamita 10 mbali zonse, zomwe zimapereka mitengo 100 pa hekitala. Koma nsangu imafuna kudekha, chifukwa phindu lake limaoneka patapita zaka zingapo, ndiye musaleke msanga kuthira manyowa kapena feteleza.

Mayesero aakulu ali kudambo, chifukwa dimba la tomato ndi kabichi limabweretsa ndalama mwachangu, ndipo mlimi amafuna kulima mpaka pamene phazi layamba kunyowa. Siyani mpata pakati pa dimba ndi mtsinje, ndipo bango, mikuyu ndi udzu wa m'mphepete zikhale momwemo, pakuti n'zimene zimagwira gombe madzi akasefukira komanso kusunga achule ndi mbalame zimene zimadya tizilombo ta m'dimba. Bulugama, ngakhale amagulika bwino ngati milimo ndi mapolo, amamwa madzi ambiri, choncho akhale kutali ndi kasupe. Mukamapopera mankhwala, chitani madzulo njuchi zitabwerera, ndipo musatsukire mpopewo mumtsinje.

Powerengera phindu, musayerekeze chaka chimodzi chokha. Lembani zimene gawo lililonse lingabweretse pa zaka zisanu, kuphatikizapo nkhuni ndi udzu wofolera zimene simudzagulanso, ndipo muchotsepo zimene mudzawononge pogula zipangizo.

Chotsala ndi kugwirizana ndi anzanu, popeza moto, mbuzi ndi madzi sizidziwa malire a munda. Lamulo la za nkhalango la 1997 limalola nyakwawa, motsatira uphungu wa mkulu wa nthambi ya za nkhalango, kupatula nkhalango ya mudzi yoyang'aniridwa ndi komiti, ndipo lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsera malo, zomwe zimalimbitsa mtima wobzala mtengo wochedwa kukula. Tengani pepala lanu lija mukakhale pansi ndi amfumu, mlangizi wa zaulimi ndi oyandikana nawo munda, makamaka amene ali kumtunda kwanu, mvula yotsatira isanayambe.