Mukakweza handulo ya njinga yamoto, musaiwale mawaya

Anzanga a kabaza kuno ku Mangochi, ambirife tikuika mahandulo aatali kuti msana upume, koma mawaya timangowakoka mokakamiza. Ine ndinaona zakuda pa msewu wa Namwera: ndikukhota paphiri, waya wa huta ndi wa magetsi anaduka, kunja kukuda.

Yambani mwachotsa waya wa negativi pa batire. Kenako pindani handulo mpaka kumapeto, kumanzere ndi kumanja, muone utali wa waya wofunika kuonjezera, ndipo musiyeko wina wapadera.

Apa ndiye pofunika: musadule mawaya onse malo amodzi. Dulani mmodzimmodzi, motalikitsana ngati zala ziwiri, apo ayi mfundo zonse zimaunjikana n'kukhala chotupa chomwe chimakhudzana. Waya woonjezerayo akhale wonenepa mofanana, ndipo mukapeza wamtundu womwewo ndi bwino kwambiri. Lowetsani heat shrink (kachubu ka pulasitiki kophimbira mfundo, kamene kamafota kakatenthedwa) musanalumikize, wotchererani ndi mtovu. Kungopota n'kukulunga tepi ayi, dzuwa lathu lino limasungunula zomatira, madzi n'kulowa nthawi ya dzinja. Mfundozo zikhale kutali ndi khosi la njinga pomwe pamapindika.

Kebulo ya klachi ndi ya moto (yoonjezera liwiro la injini) salumikiza, gulani zazitali. Lizani injini, pindani handulo: injini ikakwera yokha, kebulo yamoto yakokeka, musanyamule munthu.