Mmene mungathandizire mwana amene wayamba kuba chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo

Mwana amene walowerera mankhwala ozunguza bongo amayamba kuba m'nyumba momwe amagona. Lero yasowa ndalama ya ndiwo imene amayi anamanga kunsonga ya chitenje, mawa yasowa mbaula, kenako nsapato za mng'ono wake zaoneka zikugulitsidwa pamsewu. Chimene chikumukankha ndi thupi lake lomwe: munthu wozolowera heroin, imene anyamata a ku komboni ya Chibolya mumzinda wa Lusaka amaitcha volo, akakhala maola angapo osasuta amayamba kutuluka thukuta, m'mimba mumapota, mafupa amaphwanya. Za m'nyumba zikatha amatembenukira kwa anansi, ndiyeno kutsomphola mafoni pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower, pamene anthu okwiya angamumenye mpaka kumupha. N'chifukwa chake ndikuti muchitepo kanthu pa kuba koyambako.

Lankhulani naye m'mawa, mutu wake usanasokonezeke, muli awiri kapena pali amalume amene iye amawalemekeza. Tchulani chinthu chimene chasowa ndi tsiku lake, ndipo mufunseni chimene akusuta kapena kumwa, kaya ndi chamba, kachasu, guluu kapena mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, pakuti achipatala adzafuna kudziwa zimenezi. Kumukwapula kapena kumumanga ndi unyolo kumangomuthamangitsira kwa anzake osuta, amene amamulandira ndi manja awiri.

Ndalama musamupatse m'manja; mupatseni nsima, sopo ndi zovala. Ngongole zake kwa ogulitsa mankhwalawo musabweze, ngakhale mtima ukupweteka, chifukwa wogulitsa akadziwa kuti makolo amalipira amamukongozanso.

Pitani naye kukiliniki yapafupi, imene ingamutumize kuchipatala cha matenda a maganizo cha Chainama Hills pamsewu wa Great East. Bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo la Drug Enforcement Commission, lomwe linakhazikitsidwa mu 1989, anthu ambiri amalidziwa pa ntchito yomanga okha, koma lilinso ndi alangizi othandiza anthu olowerera ndi mabanja awo, ndipo kufika kumeneko nokha n'kwabwino kuposa kudikira kuti mwana agwidwe ndi mankhwala m'thumba. Ngati sanakwanitse zaka 18, mungaimbenso nambala yaulere yothandiza ana ya 116.

Pali ngozi ziwiri zimene makolo achikondi amagweramo osadziwa. Munthu amene wakhala akumwa mowa wambiri tsiku lililonse musamutsekere m'chipinda kuti asiye kamodzin'kamodzi, chifukwa patsiku lachiwiri kapena lachitatu angayambe kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe ndi kukomoka, mwinanso kufa. Ameneyu ayenera kusiya akuyang'aniridwa ndi achipatala. Nayenso wa heroin akasiya kwa masabata angapo thupi limaiwala muyeso wakale, moti akabwerera n'kusuta wofananawo, kupuma kungaime. Mukamupeza sakudzuka, akupuma pang'onopang'ono, mugonekeni chammbali ndipo muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.