Kusankha perefyumu wa amber: khungu lanu ndilo liweruze

Perefyumu wa amber, uja wa fungo lofunda la utomoni ndi vanila, sagulidwa pongomva fungo lotuluka mukangopopera. Mphindi zoyambazo mumamva spiriti ndi tinthu topepuka tomwe timauluka msanga. Amber weniweniyo amadzuka mochedwa, khungu likamutenthetsa.

Pansi pake pamakhala zinthu zitatu: utomoni wa labdanum wochokera ku kachitsamba komera kwambiri ku Spain, utomoni wa benzoin wa ku Laos ndi ku Sumatra, ndi vanila. Mabotolo amasiyana pa chomwe wopanga wachulukitsa, ndiye poyamba dziwani komwe mtima wanu uli.

Ngati mumakonda kutsekemera, yambirani pa Khamrah wa kampani ya Lattafa ya ku Dubai, amene amamveka sinamoni ndi zipatso za kanjedza. Koma ndikuchenjezeni, ameneyu ndi waphokoso. Mu Okutobala, muli mu minibasi yodzadza, kupopera katatu ndi kuwalakwira anzanu. Msungireni Juni ndi Julaye, madzulo kukamazizira.

Ine mtima wanga uli pa Grand Soir wa Maison Francis Kurkdjian, wa mu 2016. Benzoin wake ndi wofewa, wokhuthala ngati uchi, ndipo pakolala ya malaya amamvekabe mawa lake. Mtengo wake ndi wowawa, choncho pezani kaye kabotolo koyesera. Amene safuna zotsekemera kwambiri ayese Ambre Sultan wa Serge Lutens, yemwe amayamba ndi fungo la zitsamba zouma, lowawirako, kenako n'kufewa pang'onopang'ono. Shalimar wa Guerlain, wa mu 1925, ali pakatikati: fungo la zipatso zonga mandimu pamwamba, vanila wa utsiutsi pansi.

Poyesa, musapitirire awiri tsiku limodzi, chifukwa mphuno imatopa. Wina poperani pamkono wamanja, wina wamanzere, osapakapaka, muzisiye ziume zokha. Kapepala ka m'sitolo sikatuluka thukuta, ndiye sikangakuuzeni zoona. Tulukani panja, kagwireni ntchito zanu. Nunkhizani pakatha theka la ola, kenako pakatha maola anayi. Wina amasanduka shuga wopserera, wina amatsala utomoni wofunda. Woyenera kumugula ndi amene mukumufunabe pa ola lachinayilo, ndipo ngati mutu wayamba kuwawa, msiyeni ngakhale dzina lake likhale lotchuka chotani.

Khungu louma silisunga fungo, choncho yambani mwadzola mafuta opanda fungo. Botolo likhale m'kabati, kutali ndi zenera, popeza dzuwa ndi kutentha zimawononga perefyumu.