Kasungitsidwe ka ndalama za m'bale wanu amene ali m'ndende ku Chikwawa kapena ku Nsanje

Malangizowa ndi a inu a ku Zambia, makamaka a ku Chipata, Katete ndi Petauke, amene m'bale wanu anamangidwa kuchigwa cha Shire ku Malawi.

Ndalama za mkaidi zimasungidwa mu akaunti yake yakundende, koma akauntiyi si yakubanki. Ilibe khadi, ilibe nambala yachinsinsi. Ndi malo a dzina lake m'kaundula wa katundu wa akaidi, buku limene limasungidwa kuofesi ya ndende. Mkaidi saloledwa kusunga ndalama m'thumba kapena m'chitolokosi. Malamulo a bungwe la United Nations a kasamalidwe ka akaidi, otchedwa Malamulo a Nelson Mandela, amene anavomerezedwa mu 2015, amanena pa lamulo 67 kuti ndalama, zovala ndi katundu yense amene mkaidi saloledwa kukhala naye azisungidwa pamalo otetezeka, mndandanda wake ulembedwe, ndipo mkaidiyo asainire. Ndalama kapena katundu wochokera kunja wolandiridwa m'dzina la mkaidi azisungidwanso chimodzimodzi. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti ndalama imene sinalembedwe m'bukumo sinafike, ngakhale amene waitenga ali mu yunifolomu.

Musananyamuke, dziwani dzina lonse la m'bale wanu monga linalembedwera pa chikalata cha kukhoti, osati lakumudzi. Dziwaninso tsiku limene analowa, komanso ngati ali pa limandi kapena anagamulidwa kale. Wa pa limandi ndi amene mlandu wake sunathe, akudikira khoti, ndipo maina awo salembedwa pamodzi ndi a ogamulidwa. Tsimikizani kuti akadali pandende yomweyo, popeza akaidi amasamutsidwa, ena kupita ku Chichiri mu Blantyre kapena ku Zomba. Tengani pasipoti kapena chikalata chimene munadutsira pachipata cha Mwami.

Pa ndalama penipenipo chenjerani, chifukwa maiko onse awiri amati kwacha. Kwacha imodzi ya ku Zambia ndi makwacha makumi angapo a ku Malawi, ndipo mu November 2023 ya ku Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Wina akati "tumizani 20 sauzande", funsani kuti ya dziko liti. Sinthani kubanki kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama, mupite kundende ndi ya ku Malawi.

Mukafika pageti, nenani ulemu wake: "Bwana, ndabwera kudzaona m'bale wanga, komanso ndikufuna kumusungitsira ndalama kuofesi." Chinyanja chanu adzachimva bwinobwino, ngakhale kuti ku Nsanje ambiri amayankhula Chisena. Werengani ndalamazo pamaso pa wolandirayo, muone ndi maso anu akulemba dzina, tsiku ndi kuchuluka kwake. Pemphani lisiti. Akapanda kupereka, lembani nokha m'kabuku tsikulo, dzina la msilikali amene walandira ndi nambala ya tsamba. Kenaka muuzeni m'bale wanuyo pamaso pawo kuti mwasiya zingati. Ambiri amachita manyazi pamenepa, amaona ngati akuwaganizira zoipa abwanawo. Msilikali wogwira ntchito yake moona sakhumudwa nazo, chifukwa zolembazo zimamutetezanso iyeyo. Funsaninso njira imene mkaidi amapemphera kuti amugulire sopo, shuga, mchere kapena ndiwo kuchokera pa ndalamazo, ndi zimene zidzachitike ndi zotsala akasamutsidwa kapena akatuluka. Lamulo lomwelija limati pa tsiku lotuluka zotsala zonse abwezeredwe ndipo asainire.

Ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musapinde ndalama m'kati mwa buledi, m'ufa kapena m'mpendero wa bulangete. Zonse zimasechedwa pageti, ndipo zikapezeka wovutika ndi amene ali m'katiyo. Musapatsirenso anyapala, akaidi amene amayang'anira anzawo m'zipinda.

Ngati simungathe kuyenda, tumizani pa Mukuru kwa munthu wanu wokhulupirika amene ali pafupi, kaya ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula, iyeyo akapereke pamanja ndi kukujambulirani lisiti pafoni. Apa ndiye pamene akathyali amadyerapo. Amaimba foni n'kumati ndi asilikali a ndende, m'bale wanu wadwala mwakayakaya, tumizani msanga pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Ena amati ndalamayo ndi yoti atuluke lero lomwe. Dulani foni. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo ya kukhoti kapena chindapusa zili ndi lisiti lake la boma. Za zimenezo kafunseni kukhoti kumene mlandu ukuzengedwa, musazisakanize ndi ndalama ya sopo.

Ulendo ndi wautali: Mchinji, Lilongwe, Blantyre, kenaka kutsetsereka phiri mpaka pa Thabwa ndi kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu. Mu October ndi November kuchigwa kumatentha kufika madigiri 40, nsima ndi ndiwo zophika zimasasa musanafike, choncho nyamulani zouma. Nthawi ya dzinja msewu wa M1 umaduka, monga zinachitikira ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kusiya zochepa pafupipafupi chaka chonse, koma mu December muonjezereko zoti zimufikitse mu March.

Akakukanizani kuona m'bale wanu popanda chifukwa, kapena ndalama zikapanda kuoneka m'buku, pemphani kuonana ndi mkulu wa ndendeyo. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa womangidwa ufulu woyenderedwa ndi abale ake. Bungwe la PASI lili ndi anthu othandiza pa zamalamulo amene amayendera ndende, ndipo ngati womangidwayo ndi nzika ya Zambia, dziwitsani ofesi ya kazembe wa Zambia ku Lilongwe, mutatenga kabuku kanu ndi malisiti onse.