Zoti muchite musanaike Windows 11 pa kompyuta ya pakhomo

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, yomwe inatuluka mu Julaye 2015 ndipo ikadali m'makompyuta ambiri m'makomo mwathu. Ena atamva zimenezi ankaganiza kuti makompyuta awo azimiratu tsiku lomwelo. Sizinatero ayi. Kompyuta ikuyakabe, makalata akulembekabe, ana akuonerabe makanema. Chimene chinasiya kubwera ndi ma update a chitetezo amene Microsoft inkatumiza mwezi ndi mwezi, otseka mipata imene mavairasi ndi akuba a pa intaneti amalowerapo. Zili ngati nyumba ya udzu imene mwini wake wasiya kufolera: dzinja loyamba mugona bwinobwino, koma mvula ya chaka ndi chaka idzapeza polowera.

Kuti muone kuopsa kwake, kumbukirani za mu Meyi 2017. Vairasi yotchedwa WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a m'mayiko oposa 100, mpaka zipatala za boma ku Britain zinabweza odwala ena. Mpata umene inadzera, Microsoft inali itautseka kale mu Malichi chaka chomwecho. Amene analira ndi amene sanalandire kapena sanaike update imeneyo. Choncho ngati kompyuta yanu mumalowera nayo ku banki, mumatumizira imelo kapena mumasungamo maakaunti a bizinesi, nkhani yosintha Windows ikukukhudzani.

Koma musathamangire. Mavuto ambiri amene anthu amakumana nawo pa ntchito imeneyi sachokera kwa Windows 11 yeniyeniyo, amachokera pa kudina batani asanakonzeke. Ntchito yaikulu ili pa zimene muchite musanayambe kuika.

Yambani ndi kufufuza ngati kompyutayo ingathe kunyamula Windows 11. Microsoft ili ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa PC Health Check, kamene kamakuuzani m'kanthawi kochepa ngati makina anu akuloledwa, ndipo akakanidwa kamatchula chifukwa. Zofunika zake ndi RAM yosachepera 4 GB, disiki yosachepera 64 GB, processor ya 64-bit, kuyaka kudzera mu UEFI (njira yatsopano imene kompyuta imayakira), ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Pamene ambiri amagwa mphwayi ndi pa processor. Kwa Intel akufuna ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kwa AMD kuyambira Ryzen 2000, ngakhale ena a Ryzen 2000 amakanidwabe. Mungadziwe nokha: tsegulani Settings, kenako System, kenako About, muwerenge dzina la processor. Mukaona i5-8250U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko ndi 8, ndiye kuti muli bwino. Mukaona i5-7200U kapena i5-6300U, yatsalira. Dzina lakuti i5 kapena i7 lisakunamizeni, chifukwa i7 ya m'badwo wa 6 ikanidwa pamene i3 ya m'badwo wa 8 ilandiridwa.

PC Health Check ikadandaula za TPM yokha, musataye mtima msanga. Makompyuta ambiri ali nayo, kungoti inazimitsidwa mu BIOS, ma settings amene mumalowamo Windows isanayake. Pa Intel imatchedwa PTT, pa AMD imatchedwa fTPM, ndipo kuiyatsa ndi ntchito ya mphindi zochepa. Polowa mu BIOS mumadina batani kompyuta ikangoyamba kuyaka: F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani musachikhudze nokha. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe msinfo32, muone mzere wa BIOS Mode. Pakalembedwa Legacy, musangosinthira ku UEFI, chifukwa kompyuta ikana kuyaka. Disiki yake iyenera kuyamba yasinthidwa kuchoka ku MBR kupita ku GPT, ndipo imeneyo ndi ntchito ya munthu woidziwa.

Za RAM ndinenepo maganizo anga. Ndi 4 GB Windows 11 ilowa ndithu, koma mukatsegula Chrome ndi Word nthawi imodzi muyamba kuidikirira. 8 GB ndiye yabwino. Ndipo ngati kompyutayo ikadali ndi hard disk yakale yozungulira, ndalama imene mungawononge pogula SSD, disiki ya mtundu watsopano yothamanga, ikupindulirani kuposa china chilichonse chimene mungaigulire.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndimaiumirira kwambiri, yosunga mafayilo. Windows 11 ikamalowa mwa njira yoyenera sifufuta zinthu zanu. Komabe magetsi akhoza kuthima pakati pa ntchito, disiki yokalamba ikhoza kufa tsiku lomwelo chifukwa cholembedwa zambiri nthawi imodzi, kapena munthu akhoza kungodina polakwika. Windows mukhoza kuikanso kambirimbiri, koma zithunzi za ukwati, za maliro a agogo, kafukufuku wa mwana wa ku koleji amene wamulemba chaka chathunthu, zikapita zapita.

Pezani hard disk yakunja kapena fulashi yaikulu, mukoperemo mafoda a Documents, Pictures, Videos, Desktop ndi Downloads. Awiri omalizawa ndi amene anthu amaiwala, chonsecho ndi mmene mumakhala ma CV, masatifiketi ojambulidwa ndi makalata ofunika. Ena amati, "Ine zanga zonse ndinazisamutsira ku D." Samalani pamenepa. Pa makompyuta ambiri C ndi D ndi disiki imodzi yomweyo imene anangoigawa pawiri, ndiye ikafa imafa yonse. Chosungiracho chikhale chinthu choti mungachizule n'kuchiika mu kabati. Mukamaliza kukopera, kachilumikizeni ku kompyuta ina, mutsegule zithunzi zingapo ndi makalata angapo kuti muone ndi maso anu kuti zikutseguka. Mafulashi ena otchipa amalembedwa 64 GB kunja koma m'kati ndi aang'ono, amaonetsa mayina a mafayilo pamene mafayilowo ndi owonongeka. Izi mukufuna muzidziwe lero, osati tsiku la tsoka.

Pali zinanso zimene sizikhala m'mafoda amenewa. Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu yowerengera ndalama monga QuickBooks, itsegulani mupange backup kuchokera m'kati mwake. Lembani mu kope mapasiwedi a imelo, a Facebook, a Wi-Fi, chifukwa ambiri a ife kompyuta ndi imene imatikumbukirira, ndipo titafunsidwa mwadzidzidzi sitingawatchule. Onetsetsaninso kuti nambala ya foni imene munalembetsera imelo ikadali yanu ndipo ikugwira ntchito. Pomaliza lowani mu Settings, Update & Security, Activation, muone ngati Windows yanu ili yovomerezeka. Ikakhala yovomerezeka, Windows 11 muilandira kwaulere, Home ikhala Home, Pro ikhala Pro. Munthu asakulipiritseni laisensi yatsopano pamene simukuifuna.

Kenako ganizirani za bandulo ndi magetsi. Windows 11 poitsitsa imadya kupitirira 5 GB, ndipo ikalowa imafunanso ma update ena, choncho bandulo yongokwanira 5 GB ikutherani panjira. Ngati pamene mumagula intaneti pali bandulo yotsika mtengo ya usiku, igwiritseni ntchito, kapena pemphani Wi-Fi kwa mnzanu. Pakakhala makompyuta angapo pa banja, ku mpingo kapena kwa anansi, palibe chifukwa choti aliyense atsitse payekha. Pa webusaiti ya Microsoft pali Media Creation Tool, imene imaika Windows 11 pa fulashi ya 8 GB kapena kuposa, ndipo fulashi imodziyo itha kuyenda nyumba zonse. Ingodziwani kuti imafufuta zonse zimene zinali pa fulashiyo, ndiye isakhale ija mwasungira zithunzi. Tengani Windows kwa Microsoft basi. Zimene zimayendayenda m'mafulashi a anthu, zoti ena anazichepetsa kapena anazithyola, simudziwa chimene anabisamo.

Laputopu ikhale pa chaja, batire lake lili lodzadza. Ngati batire linafa kale moti mukazula chaja imazima, kapena ngati ndi kompyuta ya pa tebulo yopanda UPS (batire losungira magetsi), ionereni ndondomeko ya kuthima kwa magetsi m'dera lanu, muyambe magetsi atangoyaka kumene. Ntchitoyi imatenga kuyambira pafupifupi ola limodzi mpaka maola angapo malinga ndi mphamvu ya makina. Musaichite usiku woti mawa lake mukupereka lipoti kapena mwana akupereka asayimenti.

Kuika kwenikweniko n'kosavuta. Njira yapafupi ndi ya Windows Update: kompyuta ikakhala yoyenera, uthenga wa Windows 11 umaonekera pomwepo. Mukamagwiritsa ntchito fulashi, musayatsire kompyuta pa fulashiyo ayi. Iyatseni mwa masiku onse, mutsegule fulashi, mudine setup, ndipo ikakufunsani zoti isunge musankhe Keep personal files and apps. Mukaona kuti mawu amenewa sakudinika, kawirikawiri ndi chifukwa choti chilankhulo cha pa fulashi chasiyana ndi cha pa kompyuta, mwachitsanzo Chingerezi cha ku America ndi cha ku Britain. Imani pomwepo, mukonze fulashi ina. Ikayamba, kompyuta idzizimitsa n'kudziyatsa yokha kangapo, ndipo nthawi zina manambala amaima malo amodzi kwa nthawi yaitali. Isiyeni. Musaizimitse poganiza kuti yafa.

Ngati mukupita nayo kwa okonza makompyuta, mukambirane bwinobwino musanaisiye. Kwa amisiri ambiri njira yachangu ndi kufomata, ndipo mukangoti "mundiikire Windows 11", ena amamva kuti mwawalola kufufuta zonse. Nenani poyera: "Achimwene, musafomate, ndikufuna mafayilo ndi mapulogalamu anga akhale momwemo." Kufomata si kolakwa nthawi zonse, kompyuta yodzala mavairasi imapepukadi ikayambira pachiyambi, koma chikhale chosankha chanu, mutasunga kale zanu. Chachiwiri, akaunti ya Microsoft imene Windows 11 imafuna ikhale ya imelo yanu ndi nambala yanu, osati ya mmisiri. Chifukwa chake n'chachikulu. Pa makompyuta ambiri Windows 11 imakiya disiki ndi BitLocker, ndipo kiyi wake, wa manambala 48, amasungidwa mu akauntiyo. Tsiku lina kompyuta ikadzafunsa kiyi ameneyu inu mulibe, ngakhale katswiri sangatulutsemo mafayilo anu. Lowani mu akaunti yanu ya Microsoft, mupeze recovery key, mumulembe pa pepala n'kumusunga pamodzi ndi masatifiketi.

Windows 11 ikalowa muli ndi masiku 10 oti mukhoza kubwerera ku Windows 10 kudzera mu Settings, System, Recovery, Go back. M'masiku amenewa musafufute foda ya Windows.old ngakhale ikudya malo, chifukwa njira yobwerera ili mmenemo. Yesani zonse mwadala: printer isindikize, kamera ndi maikolofoni zigwire pa Zoom, Wi-Fi ilumikize, mapulogalamu a ntchito atseguke. Ma printer akale ndi amene amavuta, ndipo mankhwala ake nthawi zambiri ndi driver (kapulogalamu kolumikiza printer ndi kompyuta) yatsopano ya pa webusaiti ya kampani imene inawapanga. Batani la Start mulipeza pakati. Ngati likusokoneza akuluakulu pakhomo amene anazolowera kumanzere, libwezereni kudzera mu Settings, Personalization, Taskbar. Ndipo ngati intaneti mumakoka pa foni, yatsani Metered connection pa Wi-Fi imeneyo kuti kompyuta isamamalize bandulo mwakachetechete, koma muzipatula tsiku mwezi uliwonse loti ma update alowe.

Nanga kompyuta ikakanidwa? Musaitaye. Mu 2025 Microsoft inatsegula dongosolo la Extended Security Updates, loti makompyuta a pakhomo okhala ndi Windows 10 ya 22H2, yomwe ndi yomaliza kutuluka, alandirebe ma update a chitetezo, ndipo nthawiyo inati lidzatha pa 13 Okutobala 2026. Pa nthawiyo munthu ankalowamo polipira madola 30 a ku America, kapena mwaulere polola kuti ma settings a kompyuta yake azisungidwa mu akaunti ya Microsoft. Limeneli ndi longokupatsani mpata wokonzekera. Pali amisiri amene amakakamiza Windows 11 kulowa pa makina okanidwa, ndipo imalowadi. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina otere sikuwalonjeza ma update, ndiye pa kompyuta ya bizinesi kapena ya ku banki ine sindikulangizani kutero.

Njira imene anthu ambiri saiganizira ndi Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, imayenda bwino pa makina akale, ndipo imabwera ndi Firefox komanso LibreOffice, imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Ubwino wake mukhoza kuiyesa kuchokera pa fulashi osakhudza chilichonse pa disiki. Kwa banja limene kompyuta ndi yolembera, yofufuzira za sukulu ndi yoonerera makanema, imakwanira. Amene ntchito yawo imadalira pulogalamu imene imayenda pa Windows pokha, ayambe afufuza asanasinthe.

Amene mwaganiza zogula laputopu ya kaunjika, tsegulani maso. Makampani akunja akuchotsa makina amene Windows 11 inawakana, ndipo ena mwa iwo amafika m'mashopu mwathu ataikidwa kale Windows 11 yokakamiza. Kuona Windows 11 pa sikirini si umboni. Pemphani wogulitsa ayatse, mulowe nokha mu About, muwerenge nambala ya processor ija. Kompyuta yanu yakaleyo mukafuna kuigulitsa kapena kupatsa wachibale, samutsani zanu zonse, kenako mupange Reset this PC, musankhe Remove everything, muyatsenso Clean data kuti wolandirayo asathe kufukula zithunzi ndi makalata anu.